Zolakwika m'mashedi athu: kukalipa, kuyendera kapena kukhala pansi pamodzi?

Chaka china tinalandira oda ya madesiki kuchokera ku sukulu ina ya pulayimale ya cha ku Jali. Shedi yathu ili ku Chinamwali, ndipo timagwiramo ntchito anthu 9: owotcherera atatu, akalipentala anayi, wopaka penti mmodzi ndi ine woyang'anira. Mafulemu achitsulo anatuluka bwino, matabwa a paini tinawapala mpaka kusalala. Tsiku lomanga litafika, tinaika thabwa loyamba pa fulemu, bawuti n'kukana kulowa. Lachiwiri chimodzimodzi. Pofika masana pakona panali mulu wa matabwa amene mabowo ake anaphonya ndi kampata kosakwana chala cha mwana.

Nditafufuza ndinapeza kuti woboola matabwa ankayeza kuchokera kumapeto kwa thabwa, pamene wowotcherera ankayeza kuchokera pakati pa fulemu. Aliyense anatsata tepi yake bwinobwino. Aliyense analumbira kuti sanalakwe, ndipo onse awiri ankanena zoona. Cholakwikacho chinali pakati pawo, anthu awiri ogwira ntchito pansi pa denga limodzi amene sanafunsanepo kuti kodi mnzanga umayambira pati poyeza.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyesa njira zochepetsera zolakwika, ndiponso kufunsa anzanga ophika buledi ku Matawale, matelala osoka mayunifolomu mumsika waukulu, amayi ogaya chiponde ndi opakira mpunga wa ku Likangala. Zomba si mzinda wa mafakitale akuluakulu ngati Blantyre. Ambiri a ife pamalo pathu timakhala anthu asanu, khumi, tikachuluka 20. Choncho njira iliyonse ndimaiyeza ndi mafunso atatu: ikudya ndalama zingati, ikugwira cholakwika zipangizo zisanawonongeke kapena zitawonongeka kale, nanga cholakwikacho chidzabweranso mwezi wamawa?

Kukalipa ndi kudula malipiro

Njira iyi tonse tinaipeza kwa amene anatiphunzitsa ntchito. Mnyamata akawononga thabwa, kapitawo amamukalipira pagulu, mwezi ukatha mtengo wa thabwalo n'kuchotsedwa pa malipiro ake. Mwini ntchito salipirapo kanthu, ndipo kwa sabata imodzi aliyense amakhala tcheru. Koma chimene munthu amatolapo apa ndi luso lobisa. Thabwa lophonya limakwiriridwa ndi utuchi kuseri kwa shedi. Bowo lolakwika limamatidwa ndi guluu wosakaniza ndi utuchi n'kupakidwa vanishi. Buledi woiwalika mchere amalowa m'kireti pamodzi ndi anzake. Mwini ntchito amadzamvera kwa kasitomala.

W. Edwards Deming, katswiri wa ku America amene anakaphunzitsa akuluakulu a makampani ku Japan mu 1950, ankasonyeza zimenezi ndi mikanda. M'bokosi ankaikamo mikanda yoyera yosakaniza ndi yofiira, pa isanu iliyonse umodzi uli wofiira, n'kupatsa anthu kathabwa ka timaenje 50 kuti atungire. Lamulo linali lakuti atunge yoyera yokhayokha. Wotunga yofiira yambiri ankadzudzulidwa, wotunga yochepa ankayamikiridwa, koma ulendo wotsatira zinthu zinkatembenuka, woyamikiridwa uja n'kukhala wolephera. Mikanda yofiirayo inali m'bokosi anthuwo asanabwere, ndipo kukalipa sikukanaichotsa. Kwathu mikanda yofiira ndi matabwa osauma bwino, tepi yofufutika manambala, kamdima ka madzulo m'shedi, ndi oda yobwera mochedwa koma yofunika mawa lomwe.

Wobwera ku ntchito ataledzera kapena wonyozera dala, umenewo ndi mlandu wina ndipo ayenera kudzudzulidwa. Koma zolakwika zambiri zimene ndaziona ine zinachitidwa ndi anthu akhama amene anatopa, anasokonezedwa ntchito ili pakati, kapena sanauzidwe bwino.

Woyendera pamapeto

Njira yachiwiri ndi kuika munthu mmodzi, kawirikawiri mmisiri wamkulu kapena mwini wake, kuti aziona katundu yense asanatuluke pageti. Kasitomala salandira desiki yogwedera, dzina la shedi limasungika. Kwa opanga zakudya kuyendera sikupeweka n'komwe, chifukwa wofuna chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards pa botolo lake ayenera kusonyeza kuti malo ndi aukhondo ndipo katundu wake akukwanira muyezo.

Koma madzi akatayika saoleka. Woyendera pamapeto amapeza cholakwika thabwa litadulidwa kale, nsalu itasokedwa, ufa utaphikidwa. Wateteza kasitomala, koma thumba la mwini ntchito labooka ndithu. Maso a woyendera nawonso amatopa: desiki ya 5 amaigwedeza mbali zonse, ya 60 amangoisisita. Choipa kwambiri n'chakuti anthu ena onse amayamba kutayirira, mumtima akuti abwana akaona okha.

Chiponde chimasonyeza bwino malire a njira imeneyi. Chuku chimene chimamera pa mtedza wosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Mtedza ukagayidwa, palibe diso limene lingamuone m'botolo. Malo ogwirira vutoli ndi palichero, pamene amayi akusankha mtedza wofota, wosweka ndi wakuda. Ngati woyendera alipo mmodzi yekha, kuli bwino aime pamenepo kusiyana n'kuima pakhomo potulukira.

Kuphunzitsa ndi kulemba pakhoma

Mnyamata wochokera ku Nasawa Technical College kapena amene anadutsa m'maphunziro a TEVETA amafika akudziwa kuwerenga chojambula ndi kugwira sikweya, ndipo zimenezo zimachepetsa zolakwika zambiri za m'masiku oyamba. Maphunziro amachiza kusadziwa, koma kuiwala sakuchiza. Mu 1935 ndege yatsopano ya Boeing, Model 299, inagwa itangonyamuka pa bwalo la Wright Field ku America chifukwa oyendetsa, anthu odziwa ntchito yawo kwambiri, anaiwala kumasula loko ya ziwongolero. Zitachitika zimenezi oyendetsa ndege anayamba kugwiritsa ntchito mndandanda wa zoyenera kuona asananyamuke, ndipo mwambowu ulipo mpaka lero.

Mndandanda ndi wotchipa, pepala ndi cholembera basi. Umathandiza ukakhala waufupi, wa m'Chichewa, wopachikidwa pamalo penipeni pa ntchitoyo, ndipo wolembedwa ndi eni ntchito okha. Wolembedwa ndi abwana mu ofesi, wa mizere 20, pakatha mwezi umasanduka ngati kalendala ya chaka chatha: uli pakhoma pomwepo koma palibe akuuona.

Kutseka njira ya cholakwika

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Injiniya wa ku Japan, Shigeo Shingo, mu 1961 anafika pa fakitale ina yopanga maswichi a mabatani awiri, batani lililonse lokhala ndi kasipulingi kake pansi. Nthawi zina wantchito ankaiwala kasipulingi kamodzi, swichi n'kukafika kwa wogula ili yakufa. Kuwauza kuti azisamala kunali kutalephera. Shingo anati wantchito aziyamba watenga tisipulingi tiwiri m'bokosi n'kutiika pa kambale, kenako n'kumanga swichi. Kakatsala kamodzi pa kambalepo, mwini wake aona nthawi yomweyo kuti waiwala. Njirayi amaitcha poka-yoke, kutanthauza kupewa zolakwika za mwangozi. Poyamba inkatchedwa ndi dzina lotanthauza kuteteza ku zitsiru, koma analisintha chifukwa linkanyoza antchito. Kusintha dzinako ine ndimakuona kuti n'kofunika ngati kambale komwe, chifukwa woiwala si chitsiru.

Ife vuto la mabowo lija tinalithetsa ndi chikombole. Tinatenga chitsulo chophwatalala chautali wa thabwa, tinachiboola mabowo anayi pamalo ake enieni, n'kuwotchererako kachitsulo kokowera kumapeto kuti chisasunthe. Woboola matabwa amachikoweka pa thabwa n'kuboola modutsa m'mabowomo. Wowotcherera amagwiritsa ntchito chikombole chomwecho pa fulemu. Tepi sikhudzidwanso pa ntchito imeneyi. Chitsulocho chinali chotsala pa ntchito ina, ndipo kuchipanga kunatenga theka la tsiku.

Mnzanga wophika buledi anachita zofanana. Ophika ake amayamba ntchito usiku, tulo tili m'maso, ndipo mchere kapena yisiti zinkaiwalika. Tsopano madzulo amayezeratu mchere, shuga, yisiti ndi mafuta a mtanda uliwonse m'timbale tosiyana mitundu pa thireyi imodzi. Mtanda suchoka pokandira kambale kena kali kodzaza. Matelala ali ndi mapatani a katoni, ndipo ena amamanga mitolo ya nsalu zodula ndi chingwe cha mtundu wake pa saizi iliyonse, kuti dzanja la malaya a mwana wa sitandade 2 lisalumikizidwe ku malaya a wa sitandade 8. Opakira mpunga angathe kusunga thumba limodzi lotsimikizika kulemera kwake n'kumaliika pa sikelo m'mawa uliwonse asanayambe.

Pa mafunso anga atatu aja njira iyi imapambana onse. Malire ake ndi awa: chikombole chimodzi chimatseka cholakwika chimodzi chokha, oda ya kapangidwe katsopano imafuna chikombole chatsopano, ndipo chikombole chikakhala cholakwika ndiye kuti katundu yense walakwika mofanana. Chinanso, pafunika munthu woti achiganize. Chathu chija sindinachiganize ndine. Anachiganiza ndi wowotcherera wamng'ono pa tonse, amene anali atakhala nalo ganizoli miyezi ingapo osalitchula, chifukwa panalibe amene anamufunsa.

Gulu lokambirana za ntchito

Mu 1962 Kaoru Ishikawa, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Tokyo, pamodzi ndi anzake analimbikitsa kuti m'mafakitale mukhale timagulu ting'onoting'ono ta antchito a gawo limodzi, tokumana kawirikawiri kuti tipeze ndi kuthetsa mavuto a ntchito yawo. Ganizo lake linali lakuti wogwira ntchito tsiku ndi tsiku amaona zimene injiniya wa mu ofesi sangazione. Kwa ife Amalawi zimenezi si zachilendo. Tinakula tikumva kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo ku banki m'khonde anthu amakumana sabata ndi sabata osajomba. Chachilendo n'kubweretsa mwambo umenewu pa benchi ya kalipentala.

Ife timakumana Lachisanu m'mawa, mphindi 15 mpaka 20, tili chiimire mozungulira benchi. Sabata yonse chinthu chilichonse cholakwika chimaikidwa m'bokosi lina pakona, popanda kulembapo dzina la munthu. Lachisanu timatengamo chimodzi chokha, chimene chabwera kawirikawiri kapena chatidyera ndalama zambiri, n'kuchiika pakati. Funso ndi lakuti chinthu ichi chinafika bwanji pamenepa. Funso lakuti wachita ndani ndi loletsedwa.

Pofufuza timagwiritsa ntchito chojambula cha Ishikawa yemweyo, chooneka ngati mafupa a chambo chodyedwa. Timachijambula ndi choko pa simenti. Kumutu timalemba vuto, m'minga zake timalemba kumene lingachokere: munthu, makina, zipangizo, kachitidwe ka ntchito. Timabwerekanso chizolowezi cha Taiichi Ohno wa ku Toyota, chofunsa kuti chifukwa chiyani maulendo asanu motsatizana. Tsiku lina pakati panali thabwa la desiki losenda vanishi. Wasenda chifukwa chiyani? Thabwa linali lonyowa. Linali lonyowa chifukwa chiyani? Linapakidwa litangofika kumene kuchokera kocheka. Chifukwa chiyani sanatenge louma? Matabwa atsopano amaunjikidwa pamwamba pa akale, ndiye wotenga amayamba ndi apamwamba. Chifukwa chiyani amaunjikidwa chotero? Malo osungira ndi amodzi, ndipo otsitsa pa galimoto palibe anawauzapo china. Mlandu umene ukanagwera wopaka penti unathera pa kugawa malo osungira pawiri ndi kulemba tsiku lofika ndi choko pa mulu uliwonse. Aliyense wodziwa chinyezi cha m'munsi mwa phiri la Zomba nthawi ya dzinja akudziwa kuti thabwa silifulumira kuuma kuno.

Njira iyi ili ndi mavuto ake, ndipo lalikulu ndi ulemu wathu womwe. Mnyamata wa zaka 20 sanganene pagulu kuti madala amene akhala pa ntchitoyi kuyambira iye asanabadwe amagwira sikweya mopendeka. Misonkhano yathu yoyamba inali ya ine ndi mmisiri wamkulu basi, ena onse akungoti "eya, zoona, abwana". Ndinasintha zinthu ziwiri. Choyamba, woyamba kulankhula amakhala wamng'ono, akulu n'kumalizira, ine pamapeto penipeni. Akayamba wamkulu, palibe wotsutsa. Chachiwiri, ndinayamba kuika m'bokosi zolakwika za mbali yanga, monga muyezo umene ndinaulemba mosamveka pa pepala la oda. Ataona kuti pepala la woyang'anira laikidwa pakati n'kukambidwa popanda wokwiya, pakamwa panayamba kumasuka. Lachisanu lina mmisiri wamkulu uja anatembenukira kwa mnyamata n'kunena kuti, "Iwe mwana wanga, tanena, waona chiyani pamenepa?" Mnyamatayo anayankha kuti, "Bambo, mwina sikweya ija inagwa, ikuoneka yotseguka pang'ono." Tinaiyeza, inalidi yopindika.

Vuto lachiwiri ndi malipiro. Kumene anthu amalipidwa potengera kuchuluka kwa zimene apanga, monga telala wolipidwa pa yunifolomu iliyonse, mphindi 20 za msonkhano ndi ndalama yotayika kwa iye. Mwini ntchito akafuna gulu, alipire nthawi imeneyo. Kuitana anthu pa nthawi ya nkhomaliro kapena ataweruka ndi kuwabera, ndipo iwo amadziwa.

Lachitatu ndi limene limapha magulu ambiri: kukamba popanda chochitika. Anthu akapempha babu pamwamba pa makina oboolera masabata atatu otsatizana osaliona, sabata yachinayi sanenanso kanthu. N'chifukwa chake sitibalalika tisanagwirizane chinthu chimodzi choti tiyese, amene achichite, ndi tsiku. Lachisanu lotsatira timayamba ndi kuona ngati chathandiza. Chikakanika timayesa china.

Gulu silifulumira. Amene akufuna zolakwika zithe sabata ino aike woyendera. Gulu limayamba kubala patatha miyezi, ndipo zipatso zake ndi zikombole zija, timbale tija, mindandanda imene anthu amaiwerengadi chifukwa anailemba okha.

Ufulu woimitsa ntchito

Pali njira ina imene imayenda limodzi ndi gulu, koma ndiyo yovuta kwambiri kwa eni ntchito kuilandira. M'mafakitale a Toyota wantchito aliyense ali ndi mphamvu yokoka chingwe, chotchedwa andon, akaona cholakwika. Mtsogoleri wa gulu amathamangira pomwepo, ndipo vuto likapanda kutha msanga mzere wonse wopangira magalimoto umaima. Fakitale ya General Motors ya ku Fremont ku California, imene inali ndi mbiri yoipa ya magalimoto olakwika, inatsekedwa mu 1982. Mu 1984 inatsegulidwanso mogwirizana ndi Toyota pa dzina la NUMMI, ambiri mwa antchito ali omwe aja akale, koma tsopano akugwira m'magulu ndipo ali ndi chingwe chija. Magalimoto ake anakhala m'gulu la abwino kwambiri a General Motors. Anthu anali omwewo, chimene chinasintha ndi kayendetsedwe ka ntchito.

Ife chingwe tilibe. Tili ndi lamulo lakuti pa oda iliyonse chinthu choyamba chimamangidwa chonse mpaka kutha tisanadule chachiwiri, ndipo aliyense, ngakhale waganyu wobwera dzulo, akaona chokayikitsa anene kuti "taimani kaye". Likanakhalapo lamuloli chaka chija, tikanataya thabwa limodzi m'malo mwa mulu. Nthawi imene limayesedwa kwambiri ndi pamene magetsi abwera atazima tsiku lonse. Aliyense amathamangira makina ake kuti abweze nthawi yotayika, ndipo zolakwika zimabadwa pomwepo. Mawu akuti "taimani kaye" pa ola limenelo amawawa m'makutu mwanga inenso, koma ndikangoonetsa nkhope yokwiya kamodzi kokha, palibe adzawanenenso.

Nanga musankhe iti?

Zimatengera kukula kwa malo ndi mtundu wa katundu. Wogwira ntchito ndi anthu awiri kapena atatu safunika msonkhano wa tsiku lake. Kucheza kwa pa tiyi n'kokwanira, bola achokepo ndi chikombole kapena kambale. Wopanga zakudya asasiye kuyendera, koma akusunthire kumayambiriro, pa mtedza, pa ufa, pa madzi. Amene antchito ake amasinthasintha, aganyu obwera nyengo ya oda za sukulu n'kupita, adalire kwambiri zikombole ndi mindandanda yazithunzi, chifukwa gulu limafuna anthu okhalitsa. Kuyambira anthu asanu kupita m'tsogolo, makamaka pamene ntchito imachoka m'manja mwa wina kupita kwa wina monga kwa wowotcherera ndi kalipentala, ine ndimati gulu la Lachisanu likhale msana, ndipo njira zina zonse zizituluka m'menemo.

Chimene sichingakhale pamodzi ndi gulu ndi kudula malipiro pa cholakwika cha mwangozi. Ndinayesa kusunga zonse ziwiri kwa miyezi ingapo, bokosi la pakona lija linkangokhala lopanda kanthu pamene kuseri kwa shedi utuchi ukutukumuka. Nditalengeza kuti chilichonse choikidwa m'bokosi sichidulitsa munthu ndalama, sabata yotsatira munapezeka matabwa atatu, bawuti yopotoka ndi fulemu imodzi yopendeka miyendo. Tinayamba ndi fulemuyo.